Zolemba za ntchito yofufuza chithunzi cha Angelica Kauffman chozokotedwa ndi Thomas Burke

Okutobala

Ntchito imene ndapatsidwa m'nyumba yaing'ono yosungiramo zinthu zakale imene ndimathandizako kuno ku England ndi yofufuza pepala limodzi lokha, kenako n'kulemba mawu amene adzaikidwe pambali pake likadzapachikidwa pakhoma. Papepalapo pali chithunzi chozungulira, chosindikizidwa ndi inki yofiirira, ndipo chikusonyeza akazi awiri atakhala moyandikana patsogolo pa zipilala zamiyala. Mmodzi wavala zoyera, wagwira chojambulira m'dzanja ndipo ali ndi chikwama chosungiramo mapepala ojambulapo. Winayo wavala nkhata ya masamba kumutu, wanyamula zeze wa Agiriki akale, ndipo wamukoleka mnzakeyo mkono ngati munthu amene akumuuza kanthu. Wovala zoyerayo ndi Angelica Kauffman mwiniwake, amene mu 1782 anadzijambula ndi penti monga Luso la Kujambula likumvetsera Ndakatulo. Amene anasamutsira chithunzicho pamkuwa kuti chizisindikizidwa ndi Thomas Burke, mmisiri wobadwira ku Dublin, ndipo ntchito yakeyo inatuluka mu 1787.

Zimenezi zinalembedwa kale ndipo palibe amene amazitsutsa. Chofunika kufufuza n'chakuti pepala lathuli linatuluka liti m'makina osindikizira, pakuti mkuwa umodzi wozokotedwa umabala mapepala ambirimbiri, ena oyambirira pamene zozokotazo zikadali zakuthwa, ena a pambuyo pake mkuwa utaperepeseka, ndipo palinso ena amene sanakhudzepo mkuwa wa mmisiriyo n'komwe koma anachita kukopedwa ndi kamera patapita zaka pafupifupi 100. Sindikufuna kulemba mawu oyamikira chinthu chimene sindinachitsimikize.

Mayi amene amasamalira mapepala ndi mabuku akale m'nyumba muno achichotsa chithunzichi m'felemu yake. Zapezeka kuti wina kalekale analidula pepalalo mbali zonse kuti likwane bwino kuseri kwa galasi, ndipo mzere wa m'munsi, umene umanena tsiku lofalitsira ndi dzina la mwini mkuwa, unapita ndi lumo. Mzere umenewu sunkalembedwa mongokongoletsa: lamulo la ku Britain la 1735, limene wojambula William Hogarth analimenyera nkhondo, linkateteza wozokota kwa okopa pokhapokha ngati tsiku ndi dzina zazokotedwa pamkuwa pomwepo. Chinanso chimene chinapita ndi lumo ndi kamzere kolowa kamene mphepete mwa mkuwa imasiya papepala lonyowa likapanikizidwa. Zatsala ndi zilembo zing'onozing'ono za mayina a amisiri awiriwo m'munsi mwa chithunzi. Umboni wonse tsopano uyenera kuchokera mu inki ndi m'pepala lenilenilo.

Novembala

Mwezi uno wathera pagalasi lokulitsa zinthu, ndipo ndi umene wandipatsa chimene ndikufuna kudzauza anthu.

Munthu akaima patali pang'ono, nkhope ya Kauffman imaoneka ngati yapakidwa ndi chala chonyowa, yosalala, yopanda mzere uliwonse wolekanitsa tsaya ndi khosi. Akayandikira ndi galasi, kusalala konseko kumasweka n'kusanduka timadontho tosawerengeka, ngati mawere omwazika pa lichero, pena othithikana pena otalikirana. Pansi pa chibwano timadonthoto tadzadzana mpaka tina tagundana. Pokwera tsaya tikucheperachepera ndiponso tikuchepa msinkhu. Pamwamba penipeni pa tsaya, pamene kuwala kwagwera, palibe kadontho n'kamodzi komwe, ndi pepala lokha. Chovala choyeracho n'chimodzimodzi: kuyera kwake ndi kwa pepala, ndipo mmisiri anangogwira ntchito m'mapindo a nsalu, mmene mthunzi umabisala. Pamasamba a nkhata ya Ndakatulo ndi patsitsi, timadontho tatalika pang'ono n'kukhala timikwasa tatifupi totsatira kumene tsitsi lalowera. Pazipilala za kumbuyo timadonthoto n'tatikulu ndi tofanana, kotero kuti mwala ukuoneka wouma ndi wozizira pouyerekeza ndi khungu.

Njira imeneyi amaitcha stipple. Mmisiri ankatenga mkuwa waphanthiphanthi wopukutidwa mpaka kunyezimira, n'kuupaka phula lopyapyala losadyeka ndi asidi, kenako n'kuboola phulalo ndi singano kadontho ndi kadontho. Akathira asidi, asidiyo ankadya mkuwa pokhapo pamene singano yavula phula. Akachotsa phulalo, ankamalizitsa malo ovuta, monga maso, milomo ndi zala, pojompha mkuwa mwachindunji ndi kachitsulo kosongoka kotchedwa burin. Posindikiza ankapaka inki pamkuwa wonse kuti ilowe m'timaenje tonse, n'kupukuta pamwamba ndi nsalu, pomalizira ndi chikhatho, ndipo pepala lonyowa likadutsa pakati pa zogudubuza zolemera linkayamwa inki imene yatsalira m'timaenjemo. N'chifukwa chake, tikawalitsa nyali kuchokera chammbali, inki ya m'malo akuda kwambiri imaoneka itatukuka pang'ono pamwamba pa pepala. Pa pepala lathu kutukuka kumeneku kulipo, ndipo kukuonekera bwino m'mthunzi wa pakati pa akazi awiriwo.

Njirayi inakula kuchokera ku France, kumene Jean-Charles François m'zaka za m'ma 1750 anapeza mmene mkuwa ungatsanzirire chojambula cha choko. William Wynne Ryland anaphunzira ku Paris n'kubwera nalo lusoli ku London, ndipo Francesco Bartolozzi, wa ku Florence, atafika mu 1764 analitchukitsa kotero kuti mpaka lero anthu ambiri akaona chithunzi chilichonse cha timadontho tofiirira amangoti n'cha Bartolozzi. Burke, amene anabadwa mu 1749, anayamba ndi njira ina yotchedwa mezzotint, yokhakhalitsa mkuwa wonse kenako n'kusalaza malo ofunika kuwala, pansi pa John Dixon, mnzake wa ku Ireland, asanatembenukire ku timadontho. Ryland ndiye ankazokota zithunzi zambiri za Kauffman poyamba, koma mu 1783 ananyongedwa ku Tyburn pa mlandu wopanga zikalata zachinyengo za ndalama, ndipo mbiri imati mwa amisiri onse amene ankasamutsa ntchito zake, Kauffman ankakonda dzanja la Burke.

Pali mfundo imodzi yokhudza Burke imene ndikuiona kuti ndi yolemera. Mu 1783 yemweyo, iye anazokota ndi timadontho tomweti chithunzi chotchuka cha Henry Fuseli chosonyeza mkazi wogona, chiwanda chitamukhalira pachifuwa ndi mutu wa kavalo ukusuzumira mumdima. Dzanja limene linatha kusunga mantha ndi mdima umenewo silinali dzanja lodziwa zofewa zokhazokha. Choncho kufatsa kumene tikuona pankhope ya Kauffman sikunabwere chifukwa chakuti njirayo sitha kuchita zina. Mmisiri anachita kukusankha, chifukwa ndi kumene chithunzicho chinkafuna. Ambiri amene amadutsa zithunzi zoterezi amaziona ngati zokongoletsera chipinda chochezera basi, zotsekemera koma zopanda mafupa. Ine ndikayang'ana tsaya limodzi lija n'kuganizira kuti kadontho kalikonse kanaikidwa ndi munthu amene ankayenera kudziwiratu mmene kadzaonekere katatembenuzidwa papepala, mawu akuti zopanda mafupa sindingawavomereze.

Disembala

Za pepala zatha msanga. Tikaliunika kuchokera kumbuyo, tikuona timizere tothithikana ndi mizere ina yotalikirana yodutsa mopingasa, zizindikiro za pepala lopangidwa pamanja pa sefa ya mawaya. Zimenezi pazokha si umboni wokwanira, popeza pepala losalala lopanda mizere linkagwiritsidwanso ntchito ku England m'nthawi ya Burke, ndipo pepala la mizere linkapangidwabe pambuyo pake, koma zikugwirizana ndi zina zonse zimene taona.

Chimene ndinkafuna kuchotsa m'njira ndi photogravure, njira yokopera chithunzi pamkuwa pogwiritsa ntchito kamera, imene Karel Klíč anaikonza bwino mu 1879. Inafika pa nthawi imene anthu olemera a ku Britain anayambanso kulimbirana zithunzi za m'nthawi ya Bartolozzi, ndipo makope ambiri a mtundu umenewu ali m'mafelemu akale mpaka lero. Amadziwika chifukwa pansi pa galasi pamaoneka kachifunga ka timchenga tofanana kamene kamakuta paliponse, ngakhale pazilembo, ndipo m'mbali mwa kadontho kalikonse mumakhala mofufuma. Pa pepala lathu kadontho kalikonse kali ndi malire ake, malo oyera ndi oyeradi, ndipo zilembo za mayina ndi zodulidwa ndi chitsulo. Timadontho tating'ono kwambiri ta pamphumi, timene timayamba kufufutika mkuwa ukatopa, tikuonekabe. Ndalemba m'kaundula kuti pepalali linasindikizidwa pamkuwa wa Burke mkuwawo usanaperepeseke kwambiri, ndipo amayi osamalira mapepala agwirizana nazo.

Januwale

Ndapita ku Kenwood House, ku Hampstead, kumene kumasungidwa chithunzi cha penti chimene Burke anatengera. Chinali cha George Bowles wa ku Wanstead, munthu amene anasonkhanitsa ntchito zambiri za Kauffman. Kuika ziwirizi pamodzi m'maganizo kwandithandiza kuona chimene mkuwa unataya ndi chimene unapindula. Unataya mitundu, ndipo pa penti mitunduyo ndi imene imayamba kukopa diso. Koma mitundu itachoka, diso limapita molunjika ku kaimidwe ka matupi, ku manja, ndi ku mmene mitu iwiriyo yayandikirana m'kati mwa mkombero. Chithunzi cha inki imodzi chimayandikira kwambiri ziboliboli zoyera ndi miyala yozokotedwa ya Agiriki ndi Aroma, zimene m'badwo wa Kauffman unkaziona ngati muyeso wa kukongola.

Kajambulidwe kameneka, kamene akatswiri amakatcha neoclassicism, kanamera pamene anthu anayamba kufukula mizinda imene phiri la Vesuvius linakwirira, Herculaneum kuyambira 1738 ndi Pompeii kuyambira 1748, ndiponso pamene Johann Joachim Winckelmann, katswiri wa ku Germany wa luso lakale, anayamba kuphunzitsa kuti ukulu wa luso la Agiriki uli m'kuphweka ndi m'bata lake. Kauffman sanangomva za munthu ameneyu kwa ena. Anamujambula ku Rome mu 1764, iye ali mtsikana wa zaka 22, ndipo chithunzicho chili m'nyumba yosungira zojambula ya Kunsthaus Zürich. Zonse zimene zili m'chithunzi chathu zimachokera kusukulu imeneyo: chovala chopanda mafashoni a ku London a nthawi imeneyo, chomangidwa mophweka ngati cha pa chiboliboli, nkhope yosaseka ndi yosakwinya, zipilala zopanda zokongoletsa, ndi malo opanda katundu aliyense wosafunika.

Komabe bata limenelo lisatinamize kuti m'chithunzimo mulibe chimene chikunenedwa mwamphamvu. Kauffman anabadwira ku Chur, ku Switzerland, mu 1741, anaphunzitsidwa ndi bambo ake amene analinso wojambula, ndipo anafika ku London mu 1766 atatchuka kale ku Italy. Mu 1768 anali mmodzi mwa oyambitsa Royal Academy, bungwe lalikulu la amisiri a zojambula la ku London, ndipo akazi analipo awiri okha, iye ndi Mary Moser. Panadutsa zaka 168 kuti mkazi wina, Laura Knight, asankhidwe kukhala membala wathunthu mu 1936. Johan Zoffany atajambula mamembala a bungweli ali m'chipinda chojambuliramo anthu osavala, akazi awiriwo sanawaike pakati pa anzawo koma monga zithunzi zopachikidwa pakhoma, chifukwa mkazi sankaloledwa kukhala m'phunziro limenelo. Phunzirolo ndi limene linkatengedwa kukhala khomo lolowera ku mtundu wolemekezeka koposa wa zojambula, wa nkhani za m'mbiri ndi za m'ndakatulo zakale. Munthu wotsekeredwa khomo limenelo ankayembekezeredwa kujambula maluwa ndi nkhope za olemera.

Ndi pamenepa pamene chithunzi chathu chimalankhula. Mkazi wojambula nkhope zokha sasowa Ndakatulo; amangosowa kasitomala wokhala phee pampando. Podziika pambali pa Ndakatulo, Kauffman akunena kuti nkhani zake amazitenga kwa Homer, kwa Virgil ndi kwa alakatuli ena, monga ankachitira amuna amene ankadzitcha ojambula mbiri. Ndipo sanadzijambule monga Utoto, umene anthu a nthawiyo ankauona ngati mbali yosangalatsa maso chabe, koma monga Kujambula, mbali imene inkatengedwa kukhala ya nzeru ndi ya maphunziro. Sikanali koyamba kuchita zimenezi. Pakati pa 1778 ndi 1780 anajambula zithunzi zinayi za kudenga la chipinda cha Royal Academy ku Somerset House, zimene tsopano zili ku Burlington House, ndipo m'chimodzi mwa izo Kujambula ndi mkazi atapinda malaya, akukopera chiboliboli chakale cha thupi la mwamuna chotchedwa Belvedere Torso. Chosiyana n'chakuti mu 1782 mkaziyo wapatsidwa nkhope ya Kauffman mwiniwake.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi dzanja logwira chojambulira. Silinatayidwe pamwendo ngati la munthu wongoimira kujambulidwa, koma lagwira chida mmene munthu wozolowera ntchito amagwirira, lokonzeka kuyamba mawu a mnzakeyo akangotha. Burke analisamalira dzanja limeneli monga anasamalirira nkhope: m'mbali mwa zala muli timadontho tolondolozana tolimba kuposa ta pa tsaya, kotero kuti diso likatsika kuchoka kumaso limaima pamenepo. M'chithunzi chimene chilichonse chikusungunukira m'chinzake, chida cha ntchito ndicho chasiyidwa chakuthwa.

Chaka cha penti nachonso chili ndi nkhani. Kauffman anakwatiwa ndi wojambula wa ku Venice, Antonio Zucchi, mu 1781, n'kuchoka ku England, ndipo mu 1782 anakhazikika ku Rome, kumene anakhala mpaka imfa yake mu 1807. Ndiye kuti pamene Burke ankafalitsa chithunzichi mu 1787, mwini nkhope anali atachoka ku London kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu amene sakanaloledwa kulowa m'nyumba ya Bowles anamuona Kauffman kudzera m'mapepala ngati lathuli, ndipo dzina lake linapitiriza kumveka m'masitolo a zithunzi a ku England mwa zina chifukwa cha amisiri a mkuwa. Zojambula zake zinafika mpaka pa mbale zadothi, pa mipando ndi pa zokupizira mphepo, ndipo njira imene zinadzera kawirikawiri inali yomweyi.

Febuluwale

Pakhala kusiyana maganizo pa za dzina loyamba pa kachikwangwani. Bambo amene amayang'anira zionetsero akufuna kuti dzina la Kauffman likhale pamwamba ndi zilembo zazikulu, ndipo la Burke litsike m'munsi. Mfundo yawo ndi yomveka: alendo ambiri akumudziwa Kauffman, makamaka chichitikire chionetsero cha ntchito zake ku Royal Academy mu 2024, ndipo mkazi amene dzina lake linakankhidwira kumbuyo kwa zaka zambiri sayenera kukankhidwanso ndi ife. Ndinawayankha kuti: "Bambo, zimene mukunenazo n'zoona, koma chimene tikupachika pakhomapa si penti ya ku Kenwood. Kadontho kalikonse kamene mlendo adzaone kanabooledwa ndi Burke, ndipo tikamubisa tikhala tikuuza anthu kuti akuona chinthu chimene sakuchiona."

Ndinawakumbutsanso kuti ozokota nawonso anali ndi khomo lawo lotsekedwa. Royal Academy itayamba sinkalola wozokota kukhala membala wathunthu, chifukwa ntchito yawo inkaonedwa ngati yongokopera za ena. Bartolozzi analowa monga wojambula ndi penti, ndipo wozokota woyamba kulandira ulemu wonse monga wozokota anali Samuel Cousins mu 1855, Burke atamwalira kale mu 1815. Choncho papepala limodzili pakumana anthu awiri amene bungwe lomwelo linawaika pamphepete, aliyense mwa njira yake, ndipo ine sindikuona chifukwa chokwezera mmodzi pomupondereza mnzake. Tagwirizana kutsatira mwambo wa nyumba zosungira zithunzi zosindikizidwa, woyamba ndi wozokota kenako n'kunena kuti watengera ntchito ya wojambula, koma mayina onse awiri adzalembedwa ndi zilembo zofanana, ndipo mutu wa kachikwangwaniko udzatchula Kauffman, popeza nkhope ndi yake ndipo ganizo ndi lake.

Pa za kukonza pepala, amayi osamalira mapepala apereka malangizo amene ndikugwirizana nawo kwathunthu. Pali timawanga tofiirira tingapo kumwamba kwa chithunzi, tobwera chifukwa cha chinyontho, ndipo kumbuyo kuli zotsalira za guluu wakale ndi chikatoni cha asidi chimene chinadetsa m'mbali. Chikatonicho ndi guluuyo achotsa pang'onopang'ono. Timawangato satiyeretsa ndi mankhwala, chifukwa mankhwala oyeretsa amafooketsa ulusi wa pepala ndipo amatha kulisiya loyera mbee, pamene kufunda kwa chithunzichi kumadalira kugwirizana kwa inki yofiirira ndi pepala lotuwira ngati mkaka. Popeza malo owala onse a pankhope ndi pachovala ndi pepala lenilenilo, kusintha mtundu wa pepala n'kusintha khungu la munthu wojambulidwayo. Timawangato sitinafike pankhope, ndipo tikhoza kukhala pomwepo.

Malichi

Pepala laikidwa m'chikatoni chatsopano chopanda asidi, lomangiriridwa kumwamba kokha ndi timapepala ta ku Japan ndi phala la tirigu, zimene zimachotseka mosavuta wina akadzafuna kutero m'tsogolo. Tasankha kuti zenera la chikatonicho lisabise m'mphepete modulidwamo, kuti mlendo aone yekha kuti pepalali linadutsa m'manja mwa anthu ndi kuti mayina awiri aja anapulumuka mwamwayi. Galasi lidzakhala lotchinga kuwala koononga, nyali za m'chipinda sizidzapitirira 50 lux, umene ndi muyeso wa kuwala kochepa, ndipo chithunzicho chikadzakhala pakhoma miyezi itatu chidzabwerera m'bokosi kukapuma.

Mawu a pa kachikwangwani alembedwa ndipo ndi aafupi. Akunena amene ali m'chithunzimo, chifukwa chimene Ndakatulo alili pambali pake, ndi mmene timadontho timapangidwira, kenako akupempha mlendo kuti ayambe waima patali, ayandikire, ndipo ayerekeze tsaya ndi dzanja logwira chojambulira. Ndapempha kuti pambali pa felemu pamangiriridwe galasi lokulitsa zinthu, chifukwa popanda ilo theka la zimene ndalemba m'zolemba zino silingaoneke, ndipo bambo oyang'anira zionetsero avomera malinga ngati chingwe chake chikhale chachifupi moti galasilo lisagunde felemu. Chatsala ndi kupita kuchipinda chofufuziramo zithunzi cha British Museum kukaona mapepala ena a Burke otengera ntchito za Kauffman amene sanadulidwe m'mbali, kuti ndiyerekeze mphamvu ya inki yawo ndi ya lathu ndisanatseke kaundula, ndiponso kujambulitsa mbali ya tsaya ndi ya dzanja mokulitsa kuti zithunzizo zidzaikidwe m'kabuku ka alendo amene maso awo sangathe kugwiritsa ntchito galasi.